Ngolo zathu zonse zizikhala ndi handibuleki

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wamawa, ngolo iliyonse yokokedwa ndi galimoto ya mabuleki a mafuta imene tiziwotcherera pagalaja pathu izituluka ndi handibuleki ya waya. Yopanda handibuleki sitigulitsanso.

Ena mwa inu mwatifunsa kale kuti, nanga ngoloyo si ili ndi mabuleki? Ilidi nawo, koma amagwira pokhapokha ngolo ili yomangirira kugalimoto. Dalaivala akaponda buleki, galimoto imachepetsa liwiro ndipo ngolo imakankha kutsogolo. Kukankhako kumapanikiza master cylinder, kapampu ka mafuta a mabuleki ka pachokokera, mafuta n'kuthamanga m'mapaipi kukatsegula mashuzi kuti agwire dilamu. Mukangoimasula kugalimoto, chokankha palibenso, magudumu amakhala omasuka ngati a wilibala. Tsono matumba 20 a chimanga, a makilogalamu 50 lililonse, ndi tani yathunthu, osawerengera chitsulo cha ngoloyo. Katundu wotere pamalo otsetsereka ngati a ku Zomba kapena ku Thyolo, mwala umene mnyamata watola m'mbali mwa msewu sungamudalire, makamaka nthaka ikanyowa.

Ilipo njira yotchipa imene anzathu ena amatsata, yoika valavu papaipi kuti itsekere mafuta ali opanikizika. Tinaiganizira ndithu, chifukwa ntchito yake ndi ya ola limodzi, koma taikana. Mafuta otsekeredwa amathawa pang'onopang'ono m'malabala a masilinda, ngakhale pansi osaoneka dontho. Mumaimika madzulo ngolo itagwira bwinobwino, pofika m'mamawa mphamvu yatha, ndipo palibe chokuchenjezani. Paipi ikabooka ndiye zonse zimathera pomwepo. Waya sadalira mafuta: mukakoka chogwirira, mano ake amaluma, ndipo chimakhala chomwecho mpaka munthu atachimasula ndi dzanja.

Chogwiriracho timachiika pachokokera, pomwe mungachifikire musanamasule ngolo. Waya amachoka pamenepo n'kugawikana kupita kumagudumu onse awiri. Pa ngolo za madilamu timasinthanso mbale yakumbuyo kwa dilamu, n'kuika ina yokhala ndi kachitsulo kokokedwa ndi wayayo. Ntchitoyi ndi ya tsiku limodzi. Ngolo za madisiki zimafuna caliper (chitsulo chopana disiki) ina yokhala ndi pokoleka waya, ndipo timachita kuitanitsa ku South Africa, choncho muzitiuza msanga.

Sitikubisirani, mtengo wa ngolo yatsopano ukwera pang'ono chifukwa cha zitsulo zimenezi. Amene munapereka kale dipoziti simuwonjezera kanthu. Amene munagula ngolo kwa ife m'mbuyomu, bwerani nayo m'miyezi itatu ikubwerayi: mulipira zitsulo zokha, ntchito ndi yaulere.

Handibuleki nayonso ili ndi khalidwe lake. Musaisiye yokoka kwa masabata ambiri, makamaka nyengo yadzinja, chifukwa dzimbiri limamatiriza mashuzi kudilamu ndipo gudumu limakana kuzungulira. Ngolo ikamakhala nthawi yaitali osayenda, ikani zipika zamatabwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala, handibuleki n'kuimasula. Zipika ziwiri tikupatsani pamodzi ndi ngolo. Ndipo musananyamuke yang'anani kuti mwaimasula, pakuti galimoto yamphamvu imakoka ndithu ngolo yomanga buleki, inu n'kudzazindikira ndi fungo la kupserera mashuzi atatha kale. Inu a kunyanja amene mumalowetsa ngolo m'madzi potsitsa boti, waya wanu ndiye amachita dzimbiri msanga, muzimupaka girisi pafupipafupi.

Waya watsopano amatamuka m'masiku oyamba. Pakatha mwezi bwerani nayo timukunge, n'kuonanso mafuta a mabuleki. Ndi ntchito ya mphindi zochepa ndipo sitilipiritsa.

Ndife anu,
Eni galaja ndi amakaniko onse