Pempho: tithandizeni kubwezeretsa akadzidzi pa sukulu yathu

Makolo, mafumu ndi abale onse a mu Mzuzu muno,

Ife a komiti ya sukulu yathu ya pulayimale, yomwe ili kufupi ndi nkhalango ya Kaning'ina, tabwera kudzagwada. Makoswe akutithera chimanga ndi soya zomwe timaphikira ana phala la m'mawa. Sabata yatha amayi ophika atatsegula chipinda chosungiramo chakudya, anapeza matumba atabooledwa kunsi, ufa uli mbwee pansi. Pakona panali chisa cha mapepala a mabuku a ana, mkati muli tiana ta khoswe tofiira, tisanapenye n'komwe.

Tisabise, vutoli tinaliputa tokha. Kuseri kwa makalasi kunali mkuyu waukulu wokhala ndi mphako, momwe munkagona akadzidzi. Enafe tinkati ndi mbalame ya malodza. Anyamata ankaigenda ndi malegeni ife tikuonerera, kenaka mtengowo tinaudula n'kuwotchera njerwa. Tinaiwala kuti usiku uliwonse kadzidzi amagwira makoswe ndi mbewa zingapo, ndipo akakhala ndi ana m'chisa amasaka mpaka mbandakucha. Khoswe amatenga bere masabata atatu okha, ana akenso pakatha miyezi itatu amayamba kuswa. Wowadya atachoka, ndani akanawaletsa kuchulukana?

Mankhwala a makoswe tinayesa, ndipo zinatiwawa. Nkhuku za oyandikana nafe zinafa, mphaka wa alonda nayenso anapita. Kadzidzi akadya khoswe wa mankhwala amafanso, ndiye makoswe otsalawo amaswana popanda mdani. Komanso pano pamasewera ana aang'ono a Sitandade 1 omwe amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Chonde, mankhwala musatibweretsere.

Chimene tikupempha ndi matabwa, misomali, zidutswa za malata akale ndi milongoti yaitali ya bulugamu, kuti tikhome mabokosi anayi oti akadzidzi aziswanamo. Bokosi lotere limakhala ndi chibowo cholowera ndipo limaikidwa pamwamba, pamalo a phee. Ngati pali kalipentala wa ku Masasa, Mchengautuwa kapena Zolozolo amene angatipatse tsiku limodzi, adzakhala watigwira mkono. Tikufunanso misampha, migolo yokhala ndi zivindikiro yosungiramo ufa, ndi mbande za mkuyu ndi mbawa.

Ntchito yolemera ndi yochotsa mantha m'mitima. Makolo ena atiuza maso ndi maso kuti kadzidzi akalira pasukulu ana awo sadzabweranso, ndipo sitikuwanyoza, poti nafenso tinakula tikumva zomwezo. Alangizi a zaulimi, ophunzira za nkhalango a ku Yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), azibusa ndi mashehe, bwerani mudzakhale nafe pamsonkhano wa makolo, mudzafotokoze bwino zimene mbalameyi imadya.

Chilichonse chomwe muli nacho, ngakhale thabwa limodzi, kasiyeni kwa membala wa komiti amene muli naye pafupi kapena ku ofesi ya aphunzitsi aakulu. Tikufuna mabokosiwa akwere m'mwamba mvula isanayambe.

Ndife anu,
A komiti ya sukulu