Kalata kwa Makolo: Tithandizane Kubwereza Malamulo a Chingerezi Patchuthi Chino

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Tatsekera teremu yachiwiri, ndipo mwana aliyense wapatsidwa lipoti la mayeso ake kuti akupatseni pamodzi ndi kalata ino. Ndikukuthokozani chifukwa chotumiza ana kusukulu ngakhale m'masiku amene mvula inkagwa usiku wonse. Nkhani imene ndikupempha kuti tithandizane patchuthi chino ndi ya malamulo oyambirira a Chingerezi, makamaka kwa ophunzira a Sitandade 5 mpaka 8.

Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula Chichewa, amaphunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafunsidwa chimodzimodzi. Mwana amene sanachigwire bwino amagwa ngakhale pa masamu ndi sayansi, yankho akulidziwa ndithu koma funso asanalimve. Kutsogoloku, satifiketi ya MSCE siperekedwa kwa wolephera Chingerezi, ngakhale atakhoza maphunziro ena onse.

Aphunzitsi atachonga mayeso, tinakhala pansi n'kuona makope a ana, ndipo chimene chinatidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amaloweza bwino tanthauzo la dzina, mneni ndi mlowam'malo, koma mukawauza kuti alembe chiganizo chawochawo, malamulo onse aja amawathawa. Vuto lalikulu lili pa nthawi ya mneni. M'Chichewa timangoika "na" patsogolo pa tsinde, n'kunena kuti ndinapita, ndinagula, ndinadya, ndipo lamulolo silisintha. M'Chingerezi aneni ambiri amalandira "ed" kumapeto, koma amene timawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku satsata njira imeneyi: "go" amasanduka "went", "buy" amasanduka "bought", "eat" amasanduka "ate". N'chifukwa chake m'makope ambiri muona cholembera chofiira chazungulira mawu ngati "I buyed tomatoes". Mwana wolemba chonchi si wopusa ayi, walimva lamulo koma waliika pamene silifika, ndipo mankhwala ake n'kubwereza aneni amenewa mpaka atakhazikika pakamwa.

Palinso zina zimene chiyankhulo chathu chilibe. Ife timati "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho mwana amalemba "my mother he is sick" osaona cholakwika. Tilibenso timawu "a", "an" ndi "the", ndipo ana amangotidumpha. Kachilembo "s" ka mu "she cooks" nako kamaiwalika kawirikawiri.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu simuyankhula Chingerezi, ndipo mungaganize kuti ntchitoyi si yanu. Ine ndikuona kuti mbali yanu ndiyo yaikulu, chifukwa chimene ana akusowa kunyumba ndi nthawi ndiponso munthu wowamvetsera. Madzulo aliwonse, ntchito zapakhomo zikatha kusanade, mwana akhale pansi kwa mphindi 20 ndi kulemba m'Chingerezi ziganizo zisanu za zimene wachita tsikulo, monga kutunga madzi, kupita kuchigayo kapena kuthandiza kumunda. Akatha akuwerengereni mokweza, kenako akufotokozereni m'Chichewa zimene walemba. Ngati pakhomo pali mkulu wake wa kusekondale kapena mnansi wodziwa, amuonere, koma asamulembere. Ndikupemphaninso kuti musamukalipire kapena kumuseka akalakwitsa, chifukwa mwana wochititsidwa manyazi amatseka pakamwa, ndipo m'kalasi timavutika kumutsegulanso.

Musaleke kuyankhula ndi ana chiyankhulo chanu pakhomo poganiza kuti chikuwasokoneza. Mwana amene amadziwa kufotokoza nkhani mwadongosolo m'chiyankhulo chake savutika kwambiri kuchita zomwezo m'Chingerezi.

Wophunzira aliyense wapatsidwa pepala la aneni osatsata lamulo aja, ndipo alimate kapena kulisokerera m'kati mwa chikuto cha kope kuti lisatayike. Sabata yoyamba ya teremu yachitatu tidzaigwiritsa ntchito kubwereza zimenezi, choncho mwana adzabwere ndi kope la ziganizo zake tsiku lotsegulira, mutasainamo kapena kudindamo chala. Kholo lofuna kuona mapepala a mayeso a mwana wake lidzafike ku ofesi yanga sabata yomweyo.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu