Womanga galimoto ya ulendo wautali ayambire pa sikelo

Akonzi,

Ndine makaniko, ndipo ntchito imene manja anga anazolowera ndi ya galimoto zokoka ndi mawilo onse anayi, zimene eni ake amazisintha kuti akayende nazo miyezimiyezi m'fumbi, mumchenga ndi m'matope, n'kumagona momwemo. Anthu ofuna galimoto zotere akuchuluka. Ambiri amafika ndi foni yodzaza zithunzi: bampala yachitsulo yokhala ndi winchi (makina a chingwe okokera galimoto ikatitimira), tenti padenga, zigubu zinayi pambali pake, matayala ofika m'chiuno. Ndapempha danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinene za chinthu chimene chithunzi sichionetsa, chomwe ndi kulemera.

Galimoto iliyonse ili ndi kachitsulo kapena kapepala komata, nthawi zambiri pafupi ndi chitseko kapena ku injini, pomwe opanga analembapo kulemera komaliza kumene ingasenze, kuphatikiza galimotoyo, anthu, mafuta ndi katundu. Anzathu amati GVM. Pamalembedwanso malire a ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo payokhapayokha. Land Cruiser 78, imene oyenda maulendowa amaikonda kwambiri, imalola katundu wa pafupifupi tani imodzi. Galimoto zambiri zapamwamba zokhala ndi mipando yachikopa sizifikako n'komwe. Tani imodzi imamveka yambiri munthu akakhala pampando, koma tiyeni tiwerenge monga ndimachitira ndi aliyense wobwera kwa ine, cholembera chili m'manja.

Anthu awiri, makilogalamu 150. Bampala ndi winchi yake, 90. Thanki yowonjezera ya malita 150 a dizilo, 125, poti lita imodzi ya dizilo imaposa pang'ono magalamu 800. Madzi malita 80 ndi makilogalamu 80, apa palibe kunenerera. Tayala lachiwiri la sipeya ndi chitsulo cholipachikira kumbuyo, 70. Tenti ya padenga ndi kaliyala wake, 100. Madilowa a kumbuyo, 70. Filiji yodzaza, 40. Batire yachiwiri, 30. Masipanala, jeke ndi zida zosinthira, 60. Tafika kale pa 815, tisanaike chakudya, zovala, gasi wophikira, mipando, zingwe zokokera, fosholo. Apa mpamene mwini galimoto amayamba kukanda m'mutu. Ndipo katundu wambiriyu amakhala kumbuyo, kotero ekiselo yakumbuyo imatha kupyola malire ake galimoto yonse isanafike pa malire.

Wina amati, "Bwana makaniko, tingoikapo masipuling'i olimba." Masipuling'i olimba amaimitsa galimoto mowongoka, n'zoona, ndipo galimoto yolemera imawafunadi. Koma mabering'i, mabuleki, ekiselo ndi chasisi zimakhala zomwe zija. Galimoto yaleka kugwada, maso akhutira, koma zitsulo zikusenzabe katundu yemwe uja. Ngakhale pa malamulo, m'maiko ambiri malire aja sasintha chifukwa choti mwasintha masipuling'i, pokhapokha kusinthako kutayesedwa ndi kuvomerezedwa ndi olamulira. Ngozi ikachitika galimoto itapyola malire, a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Chimene chimapha galimoto zotere si mtsinje wozama kapena phiri lamiyala lomwe anthu amajambula. Ndi msewu wafumbi uja wokhala ndi mizere yopingasa ngati malata, umene umagwedeza galimoto kuchokera m'mawa mpaka madzulo. Pamsewu wotere mashokabu amatentha mpaka sungawagwire ndi dzanja, mafuta a m'kati mwake amachita thovu, ndipo amaleka kugwira. Akaleka, kugunda konse kumapita ku chasisi. Ndagonapo pansi pa galimoto ina yochokera ku ulendo wotere, tochi ili kukamwa. Pamene chasisi imapindikira pamwamba pa ekiselo yakumbuyo panali kamzere kofiirira ka dzimbiri, kopyapyala ngati kokandidwa ndi singano. Nditapukuta ndi nsanza n'kuthirapo mafuta pang'ono, kamzereko kanawamwa. Unali mng'alu. Mwini wake anali atapachika matayala awiri ndi zigubu ziwiri kunja kwa chitseko chakumbuyo, kutali ndi ekiselo, ndipo bampu iliyonse inkapinda chitsulo pamalo amodzimodzi. Ku Australia kuli njira yotchedwa Canning Stock Route, ya makilomita pafupifupi 1,850 kuchokera ku Wiluna kukafika ku Halls Creek, yodziwika ndi mizere yomweyi. Zimene zimagonja kumeneko kawirikawiri ndi mashokabu, masipuling'i ndi zomangira akaliyala, pa galimoto zosenza mafuta ndi madzi ochuluka.

Za denga ndinene mosabisa: sindikondwa nazo. Kilogalamu iliyonse yokwezedwa pamwamba imachititsa galimoto kupendama pokhota ndi podutsa m'mbali mwa chitunda. Opanga amapereka malire a katundu wa padenga, ndipo malirewo amawerengera kaliyala yemwe. Zigubu zinayi za malita 20 zodzaza dizilo, pamodzi ndi kulemera kwa zigubuzo, zimayandikira makilogalamu 80, zili pamalo oipitsitsa pa galimoto yonse. Mafuta ndi madzi malo ake ndi pansi, pakati pa maekiselo awiri. Padenga pakhale zopepuka. Palinso nkhani ya kutalika imene ambiri amaikumbukira mochedwa. Ulendo wodutsa makontinenti umafika poti galimoto ikwere sitima yapamadzi, ndipo khomo la kontena wamba ndi lalitali mamita pafupifupi 2.28, la kontena wamtali pafupifupi 2.58. Galimoto yokwezedwa, ya matayala aakulu ndi tenti pamwamba, imakakamira pakhomo, mwini wake n'kuyamba kumasula mabawuti padoko dzuwa likuswa mtengo.

Matayala aakulu nawo ali ndi mbiri yake. Mu 1972, gulu la asilikali a ku Britain lotsogozedwa ndi John Blashford-Snell linadutsitsa ma Range Rover awiri m'nkhalango ya Darién, pakati pa Panama ndi Colombia, pomwe msewu wa Pan-American umadukira mpaka lero. Anaziveka matayala aakulu a m'dambo, galimotozo zitasenzanso katundu wambiri, ndipo madifu akumbuyo, magiya aja a pakati pa ekiselo ogawira mawilo mphamvu, anayamba kusweka. Anachita kudikira zida zina, n'kubwerera ku matayala a saizi wamba kuti ulendo upitirire. Walira mvula walira matope: tayala lalikulu limakweza difu kuchoka pansi, koma limalemetsa magiya, limafooketsa mabuleki, limawonjezera mafuta, ndipo likaphulika kutali mudzavutika kupeza linzake. Ine ndimalangiza saizi imene malole ang'onoang'ono ndi galimoto za ntchito zimavala m'maiko amene mukupitako. Pamchenga chimene chimathandiza kwambiri ndi kuphwetsako mpweya kuti tayala ligone motalika, choncho kompuresa yabwino ndi geji ya mpweya zimaposa mainchi awiri owonjezera pa tayala.

Tikumbukirenso kuti anyamata asanu ndi mmodzi a ku Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London mu September 1955 ndi ma Land Rover awiri aafupi, n'kukafika ku Singapore mu March 1956. Galimoto zawo zinali zazing'ono ndi zosavuta kumvetsa, zoti munthu wa sipanala akhoza kuzitsegula pambali pa msewu.

Izi zikundifikitsa pa chinthu chachiwiri chimene ndimafunsa ndisanagwire bawuti iliyonse: chikathyoka ichi, adzachikonza ndani, ndi chiyani? N'chifukwa chake injini ya 1HZ ya Toyota, ya dizilo, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, imene inatuluka mu 1990, ikufunidwabe. Ilibe changu, pachitunda imakwera mwaulemu, koma pampu yake ndi ya makina wamba ndipo amakaniko a m'maiko ambiri amaidziwa. Injini zatsopano za dizilo zoyendetsedwa ndi kompyuta, zotchedwa common rail, zili ndi mphamvu ndipo zimamwa pang'ono, sindikuzinyoza. Koma zimapopa dizilo mwamphamvu kwambiri moti kadontho ka madzi kapena kafumbi kamawononga mainjekita, ndipo zija zokhala ndi sefa ya utsi ya DPF zinapangidwira dizilo wa salufa wochepa, amene sapezeka paliponse. Woyenda ndi injini yotere aikiretu fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi, anyamule mafyuluta a sipeya ndi kamakina kowerengera zolakwika za kompyuta ya galimoto. Zimenezi n'zopepuka kuposa bampala, koma n'zimene zingamufikitse.

Magetsi ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa moto wa galimoto zomangidwa chotere umayambira kawirikawiri pa waya. Filiji, nyali, sola, pampu ya madzi, zonse zimafuna batire yachiwiri, yolekanitsidwa ndi yolizira injini kuti m'mawa galimoto idzuke. Waya aliyense wochoka pa batire akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batireyo, ndipo podutsa pabowo la chitsulo avale labala. Ndaonapo waya wonenepa ngati chala atadutsitsidwa pabowo lopanda labala, khungu lake litadyeka mpaka kopa kuonekera, pambali pa paipi ya dizilo. Ntchitoyo inali yooneka bwino kunja, masiwichi ali ndi timagetsi tabuluu.

Sindikuti munthu asasinthe kanthu. Pali zinthu zimene ndimaika ndi mtima wonse: malo olimba omangirira chingwe chokokera, omangidwa ku chasisi, chifukwa kukokera pa mpira wachitsulo wokolekapo ngolo kwaphapo anthu mpirawo utaduka n'kuuluka, mapaipi opumira madifu okwezedwa m'mwamba kuti difu yotentha isayamwe madzi powoloka, chitsulo chotchinjiriza pansi pa injini, mashokabu oyenerana ndi kulemera kwenikweni, bedi loti munthu agone bwino, poti dalaivala wosagona ndi woopsa kuposa tayala lotha. Snorkel, paipi ija yokwera m'mwamba yopumira injini, imathandiza kukoka mpweya wopanda fumbi lambiri, koma siisandutsa galimoto bwato.

Choncho kwa amene akukonzekera, ndondomeko yanga ndi iyi. Pitani ndi galimoto pa sikelo ya malole isanaikidwe chilichonse, muyeze kutsogolo payokha, kumbuyo payokha, mulembe. Chinthu chilichonse chofuna kulowa chiyezedwe chisanamangidwe. Mukamaliza, dzazani mathanki onse, kwezani anthu ndi katundu yense, mubwererenso pa sikelo. Kenako kayendeni masiku angapo pamsewu woipa womwe uli pafupi, mugone m'galimotomo, muphike, mutulutse jeke ndi kusintha tayala galimoto ili yodzaza. Pobwera mulowe pansi ndi sipanala, mukhwimitse mabawuti onse, muone pamene payamba kukhulana, ndipo chilichonse chimene simunachigwiritse ntchito, kupatula zida zokonzera, zozimira moto ndi za chithandizo choyamba, chitsike.

Ine wanu,
Makaniko wowerenga nyuzipepala yanu