Kompyuta ikayamba kuchedwa, musathamangire kugula ina

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi Amalawi anzanga kuno ku Johannesburg amene akudandaula kuti makompyuta awo akuchedwa kwambiri chiikireni Windows 11, kampani ya Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Masiku oyambirira kuchedwako si kwachilendo, popeza makinawo amakhala akusanja mafayilo ndi kutsitsa zokonza zina pa intaneti, choncho ndi bwino kuwasiya oyaka. Vutoli likapitirira, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti Task Manager itseguke, muone pulogalamu imene ikudya RAM (malo amene kompyuta imasungamo zinthu kwa kanthawi pamene ikugwira ntchito), ndipo muletse mapulogalamu osafunika amene amayamba okha mukangoyatsa kompyuta.

Komabe gwero lenileni, makamaka m'malaputopu akale amene ambiri timagula kuti titumize kumudzi, limakhala hard disk (chipangizo chosungira mafayilo) yachikale pamodzi ndi RAM ya 4 GB, yomwe ndi yochepetsetsa imene Windows 11 imavomera. Kuika SSD (chosungira mafayilo chamakono chothamanga kuposa hard disk) ndi kuonjezera RAM kufika 8 GB kumatsika mtengo kuposa kugula makina atsopano, ngakhale ogulitsa ena sangakuuzeni zimenezi. Wofuna kubwerera ku Windows 10 achite zimenezo pasanathe masiku 10 chiikireni Windows 11, ndipo asafufute foda ya Windows.old, momwe mumasungidwa Windows yakaleyo.

Wowerenga wanu,
Johannesburg