Inu a yunivesite, webusaiti yanuyi ife osaona tilowere khomo liti?

Ndalemba ku inbox kawiri, imelo ndatumiza, kuli ziii. Nde basi ndilemba pompano pa tsamba lanu aliyense awerenge, mwina a ICT anu amadutsako kuno akamamwa tiyi.

Ndine mtsikana wa ku Lizulu kuno ku Ntcheu, maso anasiya kuona ndili sitandade 3. Musayambe zondimvera chisoni ayi, sindinabwerere zimenezo. Izi ndikutayipa ndekha pa foni, TalkBack ikundiwerengera mkhutu, pa laputopu ndili ndi NVDA, pulogalamu yaulere yomwe imawerenga mokweza zonse zili pa sikirini. Mavenda aku Lilongwe akatumiza ndalama za kachewere wa amayi pa foni amatsimikiza kuti zalowa ndi ine, WhatsApp ndekha, Facebook ndekha, MSCE ndinalemba mu braille ndikukhoza bwinobwino. Koma chandigwetsa pansi chaka chino ndi webusaiti ya sukulu ya ukachenjede, kwa anthu ophunzira eti.

Tiyambe ndi chilengezo chenichenicho choti mwayamba kulandira ma fomu. Munaika chithunzi. Kwa inu ndi poster yokongola, kwa ine NVDA imangoti "graphic" nkukhala chete, tsiku lotseka lili mkati mwa chithunzimo, ma kosi ali momwemo, ine ndamva "graphic" basi. Pali kamalo kotchedwa alt text komwe oyika chithunzi amalembapo zomwe chithunzicho chikunena, ntchito yosatha olo mphindi ziwiri, simunalembepo kanthu. Ndati chabwino ndidawunilode PDF ya fizi, bandulo yanga yapita, kutsegula ndikupeza ndi pepala lomwe wina anadinda, kusainira, kenako kulisikana. Makinawa amavutika kuwerenga chithunzi cha pepala abale, amawerenga bwino zilembo zotayipa. Fayilo ya Word yomwe munatayipamo poyamba ija ili pa kompyuta ya sekilitale, bwanji osangoika yomweyo?

Pa fomu nde pamene ndinatuluka thukuta ngakhale kuno kukuzizira chonchi. Ine mouse sindigwira, ndimayenda ndi batani la Tab, ndikadina limandipititsa bokosi lotsatira ndipo NVDA imayenera kunena kuti apa dzina, apa boma lochokera, apa nambala ya chiphaso. Pa fomu yanu imangoti edit, edit, edit, mabokosi onse opanda maina ngati matumba a fetereza osalembedwa, ndinayamba kuwerenga ndi zala kuti mwina lachitatu ndi la dzina la bambo, ndikulakwitsa, ndipo ndikalakwitsa akuti bokosilo limangosanduka lofiira osanena kanthu, izi anandiuza ndi mlongo wanga wa sitandade 7 atabwera ku sukulu, akuti achemwali pafiira apa. Kufiira ine ndikudziwe bwanji? Mndandanda wa ma kosi umatseguka pokhapokha uyendetse mouse pamwamba pake. Ndipo ukachedwa pang'ono tsamba limakutulutsa uyambirenso, munthu womvetsera bokosi lililonse angathamange ngati woona? Katatu konse ndinayambiranso. Ulendo wachinayi ndafika kumapeto ndikusangalala, nkupeza ka CAPTCHA kaja, lembani zilembo zomwe mukuziona pa chithunzi kuti tidziwe kuti ndinu munthu. Kopanda batani lomvetsera. Ndinaseka ndekha mnyumba amayi mpaka kufunsa kuti watani.

Mapeto ake Lachiwiri ndinakwera minibasi ndi mlongo wangayo, iye kujomba ku sukulu, mpaka pa boma ku Ntcheu kukalowa mu kafe. Apa mpamene pakundiwawa kwambiri ndipo ndikufuna mumve. Mnyamata wa pa kafe ndi waulemu ndithu sindikumunena, koma ndinachita kumuuza pasiwedi yanga mokweza, kumupatsa chiphaso changa cha unzika, ma gredi anga, ndi kalata ya kuchipatala yonena za maso anga yomwe inu mumafuna, iye nkumawerenga mokweza kuti atsimikize, kumbuyo kuli mzere wa anthu odikira fotokope onse khutu tcheru. Bambo wina mpaka anati aaa mayi, inuyo ku yunivesite mukakatani, osangopempha thandizo ku boma bwanji. Ndinangoti zikomo bambo, ndikanatani. Zinsinsi zanga zonse zinathera pa benchi ya mu kafe chifukwa choti wina ku ofesi kwanu sanalembe maina a mabokosi. Ndipo chondiseketsa, mnyamatayo anandiwerengera funso lina pa fomu yomweyo lofunsa ngati ndili ndi ulumali, pansi pake mwalemba kuti mumalimbikitsa anthu aulumali kufunsira malo. Kulimbikitsa kotani kotsekera chitseko?

Si ine ndekha. Mnzanga wachialubino wa ku Tsangano amaona pang'ono, akuti zilembo zanu ndi zotuwa pa malo oyera, akazikulitsa tsamba lonse limasokonekera batani lotumizira nkusowa. Vidiyo yofotokoza kalembedwe ka fomu ilibe mawu olembedwa pansi, olo womasulira m'chinenero chamanja, nde ana omwe anadutsa pa sukulu ya osamva ya ku Mua ku Dedza uko aziona milomo ikungogwedera?

Musatiyankhe kuti ndi zachilendo. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo gawo 9 la panganolo limatchula za uthenga ndi intaneti, osati masitepe okha. Tinali ndi lamulo la Disability Act la 2012, pano kuli latsopano la 2024. Kalembera wa 2018 anapeza kuti aulumali tilipo oposa 1.5 miliyoni mdziko muno, si kagulu kongokwana minibasi imodzi. Ndipo opanga mawebusaiti ali ndi malamulo awo otchedwa WCAG ochokera ku bungwe la W3C, a 2.0 anatuluka mu 2008, a 2.2 mu 2023, amapezeka ulere pa intaneti, zonse ndadandaula apazi zilimo, za alt text, za kiyibodi, za mtundu wa zilembo. Inu mumaphunzitsa ana za makompyuta nkuwapatsa ma digiri, mukufuna mtsikana wa ku Lizulu akuuzeni zimenezi? Ndikudziwa ma rampu munamanga pa ma kalasi ena, zikomo, koma munthu asanafike pa rampu amayamba wadutsa pa fomu.

Chomwe ndikupempha si ndalama. Uzani wa ICT wanu aike NVDA pa kompyuta yake, azimitse sikirini, abise mouse mu diloo, ayese kulemba fomu yanuyo mpaka kumapeto, akatha andiimbire. Kapena itanani a Malawi Union of the Blind kapena a FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, akuyesereni, olo ineyo ndibwera mukandilipirira thiransipoti. Pakadali pano ikani fomu ya Word ndi imelo yomwe munthu amayankhadi, tsiku lotseka lisanakwane, chifukwa alipo anzanga awiri omwe angosiya, makolo awo alibe ya minibasi yopitira pa boma.

Komanso chonde, uthenga wotsimikiza kuti fomu yanga yalandiridwa munatumizanso ngati chithunzi. Mpaka lero sindikudziwa ngati mnyamata uja anasankha kosi yomwe ndinamuuza kapena yoyandikana nayo, netiweki inkavuta ndipo amafulumira. Nditumizireni m'zilembo wamba pa imelo ija ndinakutumizirani, ndimve ndekha ndi khutu langa kuti ndafunsira chani.