Mpikisano wautali si wa liwiro lokha

Akonzi,

Mnzanga wina amalimbikira kuti katswiri wa triathlon (mpikisano wosambira, kupalasa njinga ndi kuthamanga) ya ku Olimpiki akhoza kungodzuka n'kupambana Ironman, triathlon ya mtunda wautali. Ndikukana ine.

Ku Olimpiki amasambira makilomita 1.5, kupalasa njinga 40, n'kuthamanga 10. Panjinga amaloledwa kubisala kumbuyo kwa anzawo kuti mphepo isawamenye, ndiye ochenjera amangokhala m'chigulu, kusungira miyendo kumapeto. Ku Ironman ndi makilomita 3.8, 180 ndi 42.2, ndipo kukakamira tayala la mnzako n'kulakwa, amakulanga. Mphepo ya ku Kona, ku Hawaii, kotchuka ndi mpikisano wa dziko lonse wa Ironman, umalimbana nayo wekha. Ukaiwala kudya ndi kumwa uli panjinga, pofika pothamanga miyendo imangosanduka phala. Ine zinandionekera nditapalasa tsiku lonse ndi nthochi ziwiri zokha m'thumba, ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu manja akunjenjemera.

Inde, Jan Frodeno anatenga golide ku Beijing mu 2008, koma ku Kona anapambana koyamba mu 2015, patapita zaka 7. Kristian Blummenfelt yekha ndiye amandisowetsa chonena: golide ku Tokyo mu 2021, kenako ukatswiri wa dziko lonse wa Ironman ku St. George, ku America, mu 2022. Komatu atabwerera ku mtunda waufupi ku Paris mu 2024, anathera pa nambala 12.

Wowerenga wanu,
Zomba