Kalata kwa mnzanga wofuna kudzaima pa uphungu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Uthenga wanu woti mukuganiza zodzapikisana nawo pa mpando wa phungu wa dera lakwanu mu 2030 wandisangalatsa, chifukwa dera lija likusowadi munthu wolilankhulira. Mwafunsa chimene chimagwetsa anthu pachisankho, ndiye ndikuuzani mosapsatira: ambiri amakhala ataluza kale kampeni isanatsegulidwe. Kampeni yovomerezeka ndi ya masiku 60 okha, ndipo imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti anthu aponye voti. Masiku amenewo sakwanira kukonza zimene munthu waononga pa zaka zinayi.

Khamu la pamsonkhano lisadzakunamizeni. Msonkhano wa ndale kumudzi ndi chisangalalo: pali magule, zimkuzamawu, mwinanso lole yotuta anthu kumidzi yakutali. Amayi amene avina lero atavala nsalu yanu, mawa avinanso atavala ya mnzanu, ndipo amanena okha kuti voti ndi mumtima. Shado, kutanthauza wofuna uphungu, wowerenga mitu pabwalo amapita kukagona akudziyesa phungu kale. Chofunika kuwerenga ndi kaundula wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC: senta iliyonse yalembetsa anthu angati, ulendo wathawu anavota angati, anavotera ndani. Kumbukiraninso kuti pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 madera anali 229 m'malo mwa 193 akale aja. Malire anasuntha, moti midzi ina imene mukuidalira mwina tsopano ili dera lina. Ndipo munthu wokukondani amene alibe chiphaso cha unzika salembetsa m'kaundula, choncho sakuvoterani ngakhale aimbe nyimbo yanu usiku wonse.

Pamene pamafera ambiri ndi pa chisankho chachipulula. Akuluakulu a chipani akakhala ndi munthu wawo, amasintha mndandanda wa makomiti oyenera kuvota, kapena kusamutsa malo ndi tsiku mwadzidzidzi, kapena kungolengeza kuti wakuti wadutsa wopanda wopikisana naye. Wokonderedwayo amasangalala, osadziwa kuti wasenza mkwiyo wa dera lonse. Wolakwiridwa uja amakaima payekha, n'kutenga theka la makomiti, pamodzi ndi chisoni cha anthu. Mu 2014 aphungu oima paokha anapambana mipando 52 mwa 193, mu 2019 anafika 55, ndipo ambiri mwa iwo anali anthu a zipani zomwezo amene anakankhidwa pachipulula. Lamulo la 50+1, loti wopambana apeze mavoti oposa theka, ndi la mpando wa pulezidenti wokha. Pa uphungu wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Ndiye anthu awiri a chipani chimodzi akagawana mavoti, wachitatu amadutsa pakati. Onani zimene zinachitika pa upulezidenti mu 2019, lamuloli lisanayambe kutsatidwa: a Chakwera anapeza 35 peresenti, a Chilima 20, a Peter Mutharika n'kulengezedwa opambana ndi 38 ndi theka. Khoti litafafaniza zotsatirazo pa 3 Febuluwale 2020, a Chakwera ndi a Chilima anagwirizana, ndipo mu Juni anapeza pafupifupi 59 peresenti. Mukadzapambana pachipulula, tsiku lotsatira lomwelo mukapite nokha kunyumba kwa amene mwawagonjetsa, musanakondwerere n'komwe. Osatuma mnyamata, osaimba foni.

Inuyo muli ndi vuto lina lapadera, loti mwakhalitsa kunja. Anthu adzakulandirani bwino, koma pansipansi adzafunsana kuti mlatho utakokoloka munali kuti, njala itavuta munali kuti. Munthu wofika kutatsala miyezi isanu, ndi galimoto yonyezimira, akusakaniza Chizungu m'mawu aliwonse, amaoneka mlendo wodzatenga mpando. Bwerani kutatsala zaka ziwiri, muzigona m'deramo, osati kumangobwera Loweruka kuchokera mumzinda. Mukafika m'mudzi yambani mwaonekera kwa mfumu. Kudumpha nyakwawa n'kukayamba kwa gulupu, kapena kuchititsa msonkhano pabwalo mwini wake osadziwa, ndi chipongwe chimene sichiiwalika msanga.

Nkhani ya maliro ndiikhalire pang'ono, chifukwa ndi pamene anthu amamuyeza munthu. Wandale wosadziwa amafika mwambo uli mkati, magalimoto atatu pambuyo pake, anyamata atavala malaya a chipani. Amadutsa pakati pa amayi okhala pansi, n'kukakhala pampando umene anasungira mfumu. Akapatsidwa mpata wolankhula, amatchula kuchuluka kwa chipepeso chake, kenako n'kuyamba za msewu umene adzamange. Anamfedwa amangowerama, koma zonse aziona. Wodziwa amafika m'mawa, amakhala pamphasa kapena pachikuni pamodzi ndi abambo anzake, chipepeso amapereka mwakachetechete kwa wolemba, amaperekeza mpaka kumanda, n'kukathokoza adzukulu. Za ndale satchula ngakhale liwu limodzi, koma madzulo ake mudzi wonse umakhala ukukamba za iye.

Za kugawa ndalama, lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa, ndipo zimenezo zokha n'zokwanira kuti muzipewe. Komanso masamu ake sathandiza. Tiyerekeze pabwalo pabwera anthu 1,000, inu mwakonzera 300. Mwasangalatsa 300 amene mawa alandiranso kwa mnzanu, ndipo mwadzipangira adani 700 amene akanabwerera kwawo opanda chifukwa nanu. Mukapereka kwa apampando kuti akagawe, ina imathera m'njira, koma mbiri yoipa imagwera inu. Ndipo mukangoyamba simungasiye, chifukwa tsiku limene mudzafike chimanjamanja adzati mwayamba kudzikonda.

Malonjezo okhala ndi manambala muziwaopa. Mgwirizano wa Tonse mu 2020 unalonjeza ntchito 1 miliyoni ndi thumba la fetereza la K4,495. Mtengowo unagwiradi chaka choyamba pa pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP, kenako unakwera kufika K7,500, n'kudzafika K15,000, opindula akucheperachepera. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zifukwa zina zinali zochokera kunja, monga nkhondo ya ku Ukraine ndi namondwe Freddy, koma mlimi sanaiwale nambala imene anamva pamsonkhano. Mu 2025 a Chakwera anapeza 33 peresenti, a Mutharika pafupifupi 57. Yerekezani ndi a Bingu wa Mutharika, amene anapeza pafupifupi 36 peresenti mu 2004 koma 66 mu 2009, anthu ataona makuponi ndi chimanga m'nkhokwe. Pa uphungu ndiye zimavuta kwambiri, chifukwa phungu samanga msewu wa tala, salemba aphunzitsi ntchito, sakhazikitsa mtengo wa chimanga ku ADMARC. Ntchito yake ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kulondoloza boma ndi kulankhulira dera. Lonjezani zochepa zimene mungathe kuloza ndi chala pakatha zaka ziwiri: mijigo yowonongeka ikonzedwe, ndalama za thumba la chitukuko cha dera (CDF) muziuza anthu poyera momwe zayendera, muzikumana ndi makomiti a chitukuko miyezi itatu iliyonse. Zimamveka zazing'ono pamaikolofoni, koma simudzachita manyazi kubwereranso pabwalo lomwelo.

Kunyoza mnzanu pansanja kumaseketsa anyamata a kutsogolo, koma m'khamu momwemo muli azakhali ake, apongozi ake ndi a mpingo wake. Akakhala mayi, mawu onyoza thupi lake kapena banja lake amapweteka amayi onse amene akumva, pomwe m'kaundula amayi ndiwo ochuluka. Anyamata anu akang'amba mbendera kapena kumenya munthu pamsika, dzina lotchulidwa ndi lanu. Chimodzimodzi mbiri ya ndalama: a Joyce Banda anali pampando pomwe nkhani ya Cashgate inaphulika mu 2013, ndipo mu 2014 anathera pa nambala yachitatu ndi 20 peresenti. Anthu amakuweruzani ndi amene mumayenda nawo, choncho musankhe bwino woyendetsa kampeni ndi msungichuma wanu.

Musadzathere ndalama zonse pa misonkhano n'kuiwala mamonita. Pamalo aliwonse oponyera voti pamafunika anthu anu odziwa kuwerenga ndi kulemba, amene mwawaphunzitsa kuona kuti bokosi ndi lopanda kanthu m'mawa, kuyang'anitsitsa mavoti owonongeka, ndi kusasainira pepala la zotsatira lofufutidwa kapena losalembedwa manambala. Kuwerenga kumachitika usiku. Monita amene sanadye tsiku lonse, alibe tochi kapena mayunitsi, amanyamuka dzuwa likamalowa. Mlandu wa chisankho cha 2019 uja unaima pa mapepala omwewa, ofufutidwa ndi Tipp-Ex aja. Ndalama ya chakudya ndi mayendedwe awo muiike padera kampeni isanayambe.

Munditumizire dzina la dera monga likutchulidwira panopa ndi chipani chimene mukufuna kuimira, kuti tione limodzi zotsatira za 2019 ndi 2025 senta ndi senta. Mundiuzenso mwezi umene mukubwera. Moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kuno kumudzi.